Sitima inathera pa Luchenza, njinga n'kupitiriza

Pa Limbuli kumacha ndi kulira kwa matcheni a njinga. Mnyamata watsika, akukankha: pakaliyala matumba awiri a chimanga, lachitatu walipanikiza pakati pa felemu, malaya ali chonyowa ndi thukuta. Wachokera tsidya la Muloza, ku Mozambique, ndipo asanapume n'komwe mavenda amuzinga kale ndi masikelo, aliyense akumuitana kuti achimwene atsitse pa iye.

Njira imene wadzera mnyamatayu ndi yakale kuposa phula. M'zaka za m'ma 1800 minyanga ya njovu ndi akapolo zinkalambalala phiri la Mulanje kulowera ku doko la Quelimane, n'chifukwa chake Angerezi anamanga Fort Lister ndi Fort Anderson mu 1893. Malire anali atadulidwa kale mu 1891, pamene Britain ndi Portugal anagwirizana kuti mtsinje wa Ruo ulekanitse maiko awo. Chaka chomwecho Henry Brown anabzala tiyi ku Thornwood. Koma tiyi sadyedwa ngati chimanga, amafuna nyanja ndi msika wa ku London. Katundu wa m'minda ya azungu ankayenda pamitu ya amtengatenga mpaka ku Chiromo, kumene sitima za pamadzi zinkamutsitsira ku Chinde. Ambiri mwa ogwira ntchito m'mindamo anali Alomwe amene anaoloka malire omwewa wapansi.

Njanji ya Shire Highlands Railway inafika ku Blantyre mu 1908, itakwera motsata zigwa za Ruo ndi Thuchila. Sinakhotere ku Mulanje. Siteshoni ya tiyi inakhala Luchenza, ndipo aliyense wa kuno ofuna kuona sitima ankayenera kuyamba wayenda mtunda. Mu 1935 anatsegula mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, wotalika pafupifupi makilomita 3.7, tiyi n'kumafika ku Beira osatsitsidwa panjira. Mu 1970 kunabwera njanji ina yopita ku Nacala kudzera pa Nayuchi.

Apa ndi pamene pagona nkhani: njanji zonse ziwirizi mutu wake uli m'dziko la eni. Mozambique ndi dziko lalikulu, latizungulira kum'mwera konse, ndipo ikayetsemula ife timagwidwa chimfine cha mafuta ndi feteleza. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula m'ma 1980, njanji zonse ziwiri zinaima, mlatho wa Dona Ana n'kuphulitsidwa. Katundu wa Malawi anayamba kuzungulira pa malole mpaka ku Durban, mtengo wake n'kukwera osaneneka. Mu 1986 tauni ya Milange, ya tsidya la Muloza, inagwa m'manja mwa Renamo, anthu n'kukhamukira ku Muloza ndi mitolo pamutu. Akuluakulu a kuno amakumbukira bwino masiku amenewo, pamene msewu wochoka ku Milange kupita ku tauni ya Mocuba unasanduka njira ya mabomba okwirira. Mtendere unabwera mu 1992, koma sitima ya kum'mwera sinapeze mpumulo: mu 1997 madzi osefukira anadula njanji cha ku Chiromo.

Kuyambira pamenepo mfumu ndi M2, msewu wochoka ku Limbe kudzera ku Thyolo, Luchenza ndi Mulanje boma mpaka pa chipata cha Muloza. Ndi wokongola, tiyi wobiriwira uku ndi uku, phiri lili pambali ngati khoma, ngakhale okwera minibasi atapanikizana anayi pampando sakhala ndi mpata woyamikira zimenezo. Tsidya linalo, msewu wa Milange mpaka Mocuba anauthira phula ndi thandizo la European Union, zomwe zinafupikitsa ulendo wa ku Quelimane.

Komabe chimanga, nandolo ndi nyemba zimene zimadzaza malole a ku Blantyre pa Limbuli, zambiri zimafika pa njinga, thumba ndi thumba, kuchokera m'midzi ya ku Zambezia kumene lole singalowe nthawi ya dzinja. M'zaka za njala, anthu ambiri a m'chigawo cha kum'mwera adyapo nsima yodzera pakaliyala osadziwa.

Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, dera la Muloza linali limodzi mwa madera amene anaonongeka kwambiri. Miyala inagumuka m'phiri, mitsinje n'kukokolola nyumba, misewu ndi milatho. Magalimoto anaima poduka msewu. Eni njinga ankatsitsa katundu, kuolotsa thumba limodzilimodzi pamutu, kenako n'kubwerera kukanyamula njinga paphewa.