Kufufuza Kholo Lachikazi ku Songani

Wofufuza mbiri ya banja ku Songani ayambire kuchikazi, pakuti Ayao ndi Alomwe amatsata mtundu wa mayi. Ayao a mfumu Malemia adafika m'dera la Zomba cha m'ma 1860. Alomwe ambiri adabwera kuyambira cha m'ma 1900, kuthawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi ku Mozambique. Kawirikawiri mudzi unkakula kuchokera kwa mayi mmodzi, ana ake aakazi ndi akamwini.

Pamayeso, siyanitsani umboni wolembedwa ndi wapakamwa. Zolemba za atsamunda, zosungidwa ku National Archives ku Zomba, zimatchula kwambiri mafumu ndi amuna. Dzina la gogoyo ndi kumene adachokera amazidziwa ndi okalamba, ndipo pamlandu wa munda mfumu imafunsa zomwezo.