Mmene Anthu Anadziŵira Njira Zolambalala za Magazi mu Ubongo

Mlimi aliyense wa mpunga m'chigwa cha Domasi amadziŵa zimene madzi amachita ngalande yaikulu ikatsekeka ndi matope: amaboola timifuleni m'mbali, nafika ndithu kumunda, koma mopereŵera. Magazi opita ku ubongo amachitanso chimodzimodzi, ndipo akatswiri anatenga zaka zoposa 300 kuti amvetse bwino nkhaniyi.

Magazi amakwera kumutu kudzera m'mitsempha inayi, iŵiri ya kutsogolo kwa khosi ndi iŵiri ya kumbuyo. M'chaka cha 1664 dokotala wa ku Oxford, Thomas Willis, analemba m'buku lake lotchedwa Cerebri Anatome kuti mitsemphayi imalumikizana pansi pa ubongo ngati nkhata. Iye anafotokozanso za munthu wina amene anafa ndi nthenda ya m'mimba. Atamung'amba, anapeza kuti mtsempha umodzi wa m'khosi unali wotsekeka pafupifupi kotheratu, chikhalirecho munthuyo sanafe ziŵalo pamoyo wake, popeza mtsempha wina unali utakula nusenza ntchito ya unzake. Nkhatayo imatchedwa ndi dzina la Willis mpaka lero, ngakhale kuti mwa anthu ambiri siikhala yathunthu.

Willis ankaona izi pa mitembo yokha. Mitsempha ya mu ubongo wa munthu wamoyo inayamba kuoneka mu 1927, pamene Egas Moniz wa ku Lisbon anathira mankhwala mumtsempha wa m'khosi najambula mutu ndi makina a X-ray.

Ndi njira imeneyi madokotala a ku Japan, Takeuchi ndi Shimizu, anaona chodabwitsa mu 1957, ndipo anzawo anachionanso mwa odwala ambiri, makamaka ana. Mitsempha ikuluikulu inkaphwa pang'onopang'ono pamalo pamene imaloŵera mu ubongo, ndipo mozungulira malowo munkamera timitsempha tambirimbiri, tating'ono ngati ulusi. Pachithunzi tinkaoneka ngati utsi wa fodya uli lendelende m'mwamba. N'chifukwa chake mu 1969 Jiro Suzuki ndi Akira Takaku anatcha nthendayi moyamoya, mawu a Chijapani onena za utsi wotere.

Timitsemphati timapulumutsa ubongo, koma chipulumutso chake n'chosadalirika. Timanyamula magazi ochepa, ndipo mwa akuluakulu timatha kuphulika. Mwa ana zizindikiro zake zimanyenga. Mwana akalira kwambiri, kapena akauzira chakudya chotentha, amapuma mofulumira. Kupuma kotero kumafinya mitsempha ya mu ubongo, ndipo magazi amene anali opereŵera kale amachepa koposa. Mkono kapena mwendo umalefuka, lilime limalemera, kenaka pakapita mphindi zingapo zonse zimabwerera mwakale. Kholo likhoza kungoti mwanayo akuchita matama, pamene ndilo chenjezo la sitiroko. Madokotala a opaleshoni anaphunzira kutsanzira ubongowo: mu 1967 Gazi Yaşargil ku Zurich anasoka mtsempha wa pakhungu la mutu ku mtsempha wa ubongo, ndipo pambuyo pake njira yotere inayamba kuthandiza odwala moyamoya.

Wina angaganize kuti imeneyi ndi nkhani ya ku Japan chabe. Si choncho ayi. Kuphwa kwa mitsempha kotereku kumagweranso ana obadwa ndi nthenda ya sickle cell, imene iliponso m'Malaŵi muno. Maselo awo ofiira amapindika ngati zenga lomwetera mpunga, ndipo amapweteka zipupa za mitsempha kufikira zitakhuthala ndi kuchepetsa njira. Kafukufuku wa ku America wa mu 1998 anapeza kuti mwa ana 100 odwala mtundu woopsa wa nthendayi, pafupifupi 11 ankagwidwa ndi sitiroko asanakwane zaka 20. Chaka chomwecho Robert Adams ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo amene anagwiritsa ntchito kachipangizo koyika pambali pa mutu poyeza liŵiro la magazi, pakuti magazi, monga madzi, amathamanga kwambiri pamene njira yapanikizika. Ana amene liŵiro lawo linali lokwera ataŵapatsa magazi mwezi ndi mwezi, ngozi ya sitiroko inatsika ndi magawo 9 mwa 10.

Kupatsa mwana magazi mwezi uliwonse n'kovuta kumene magazi osungidwa ali osoŵa. Motero madokotala a mu Afirika anatembenukira ku mankhwala akumwa otchedwa hydroxyurea, amene kafukufuku wa mu 2019 ku Angola, Congo, Kenya ndi Uganda anasonyeza kuti ana a kuno angathe kumwa bwinobwino. Ku Blantyre, makina a MRI, amene amatha kujambula ubongo ndi mitsempha yake popanda kung'amba mutu, anafika pa chipatala cha Queen Elizabeth mu 2008.