Carmunnock: mudzi wotsala m'kati mwa mzinda wa Glasgow

Carmunnock ndi mudzi waung'ono womwe uli kummwera kwa Glasgow ku Scotland, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 8 kuchokera pakati pa mzindawu. Ngakhale uli m'malire a Glasgow, wazunguliridwa ndi minda ndi malo odyetsera ziweto, ndipo umadziwika kuti ndi mudzi wokhawo womwe watsala mumzindamu. Anthu okhalamo ndi opitirira pang'ono 1,000.

Akatswiri ambiri amati dzinali linachokera ku chilankhulo chakale cha m'chigawochi ndipo limatanthauza linga la amonke. M'zaka za m'ma 1100 tchalitchi cha pamudzipa chinaperekedwa m'manja mwa amonke a ku Paisley. Chomwe chilipo lero chinamangidwa mu 1767, ndipo ndi cha mpingo wa Church of Scotland, womwewo umene unatumiza amishoni ku Blantyre mu 1876, kumene kunaphukira sinodi ya Blantyre ya CCAP. Nyumbayi ili ndi makwerero amiyala kunja kwake, opita kuzipinda zam'mwamba. Banja la Stuart la ku Castlemilk, eni nthaka a derali, linali ndi malo akeake okhala popemphera komanso manda akeake.

Chomwe chimaimitsa alendo ambiri ndi kanyumba ka alonda komwe kali m'manda ozungulira tchalitchichi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 sukulu za udokotala ku Glasgow ndi ku Edinburgh zinkasowa mitembo yophunzirira, chifukwa lamulo linkalola makamaka ya anthu onyongedwa. Motero panabuka malonda oipa: anthu ankafukula manda atsopano usiku n'kukagulitsa mitemboyo. Midzi yoyandikana ndi mizinda ndiyo inali pachiopsezo chachikulu, ndipo amuna a ku Carmunnock ankasinthana kugona m'kanyumbako kufikira thupi la malemu litafika posagulitsikanso. Malamulo olembedwa a alondawo, a mu 1828, alipo mpaka lero. Chaka chomwecho ndi chimene Burke ndi Hare ankapha anthu ku Edinburgh kuti apeze mitembo yogulitsa. Malondawa anazilala lamulo la mu 1832 litapatsa madokotala njira yovomerezeka yopezera mitembo.

Kale anthu a pano ankadalira ulimi ndi kuwomba nsalu pamanja. Mafakitale atalanda msika wa nsalu, amayi ambiri anayamba kuchapira mabanja olemera a ku Glasgow. Madzi a m'akasupe anali oyera, ndipo zovala zinkauma kutali ndi utsi wa mumzinda.

Mudziwu unalowa m'malire a Glasgow mu 1938. Pasanathe zaka makumi awiri, nthaka ya banja la Stuart inasanduka Castlemilk, dera la nyumba za khonsolo komwe kunasamutsidwira anthu zikwizikwi ochokera m'makwalala othithikana a mumzinda. Mbali inayo kunakula East Kilbride, tawuni yatsopano yokhazikitsidwa mu 1947. Carmunnock inapanikizika pakati ngati chala pachitseko, koma sinamezedwe. Mu 1970 pakati pa mudzipo panaikidwa m'gulu la malo otetezedwa, kutanthauza kuti munthu sangagwetse kapena kusintha maonekedwe a nyumba yakale popanda chilolezo cha khonsolo. Minda yozungulira nayonso ili pansi pa malamulo oletsa kumangapo mwachisawawa. Komabe mpata wa pakati pa mudziwu ndi Castlemilk ndi wopapatiza kwambiri, ndipo mzinda ukamafuna malo a nyumba zatsopano, maso amagwera paminda yotereyi.

Lero ambiri mwa okhalamo amagwira ntchito ku Glasgow kapena ku East Kilbride. Pamudzipa pali sukulu ya pulayimale, ndipo misonkhano ndi zisangalalo zimachitikira mu holo ya Castlemilk Hall. Mudziwu wakhalanso ukuchititsa masewera achikhalidwe a ku Scotland otchedwa Highland Games, momwe amuna amphamvu amapikisana kuponya mitengo ndi miyala yolemera. Njanji sinafikepo, siteshoni yapafupi ili ku Busby.

Chakum'mawa kuli zitunda za Cathkin Braes, malo okwera kwambiri mu Glasgow, pafupifupi mamita 200, komwe kunachitikira mpikisano wa njinga zam'mapiri pa masewera a Commonwealth a mu 2014. Kupitirira zitundazi, pa mtunda wosakwana theka la ola pagalimoto, kuli Blantyre wa ku Scotland, kwawo kwa David Livingstone.