Kamba wa pa Intercity

Mabasi a ku Chipata amanyamuka pa siteshoni ya Intercity mu Lusaka kusanache, ang'wang'wazi akulimbirana zikwama za anthu. Ulendowu ndi wa makilomita oposa 550, choncho woudziwa msewu wa Great East sakwera chimanjamanja. Tsiku lina mayi amene ndinakhala naye mpando umodzi anafunyulula kapepala konyowa ndi mafuta, m'kati muli masoseji rolo awiri ogula dzulo lake m'tauni. Anandigawira imodzi. Inali itazizira, khungu lake likuyoyokera pamiyendo ngati makoko a mtedza, koma inatsika bwino, ndipo sitinafune madzi osamba m'manja.

Kale kamba ankachokera kunyumba. Makolo athu opita ku migodi ankanyamula chimanga chokazinga, mtedza ndi mbatata yootcha, zinthu zosasasa msanga. M'masiku a mabasi a boma a UBZ, mayi ankapha nkhuku madzulo, n'kuikazinga mpaka kuuma, n'kuiika m'mbale yovindikira yomangidwa pansalu. Pambali pake mazira owiritsa ndi chigubu cha thobwa. Sikunali kudyerera ayi: basi ikafa m'mapiri a Manenekela mumagona pomwepo, ndipo mbale ija ndiyo inkakupulumutsani. Zogula kusitolo sizinali zodalirika, poti m'zaka za m'ma 1980 ngakhale buledi wa Supa Loaf anthu ankachita kumufolera pamzere.

Soseji rolo ndi chakudya cha Angerezi: nyama yogaya yokulungidwa mu ufa wa tirigu wokandidwa ndi mafuta, woupinda kambirimbiri kuti ukapsa uzikhala timagawo topyapyala. Munthu wamba wa ku Kabwata kapena ku Matero sankaiwerengera ngati kamba.

Zinthu zinatembenuka chipani cha MMD chitalowa m'boma mu 1991 n'kutsegula malonda. UBZ inatha, msewu n'kudzaza mabasi a anthu wamba. Mu 1995 Shoprite ya ku South Africa inatsegula sitolo yake yoyamba pa Cairo Road, ili ndi uvuni wake m'kati momwemo, ndipo kampani ya Zambeef inatenga mabutchala a m'masitolo a Shoprite. Mapayi, masoseji rolo ndi soseji ya Hungarian zinayamba kupezeka zotentha tsiku lililonse, pa mtengo woti kalaliki angakwanitse. Malo a masitolo ambirimbiri a Manda Hill anatsegulidwa mu 1999, kenaka a Levy mu 2011, pamtunda woti munthu wa pa Intercity amangoyenda wapansi n'kubwerera basi isanadzaze.

Ine soseji rolo sindiida, koma chimandiwawa n'chakuti ndalama ya kamba, imene kale inkagwera m'manja mwa amayi a vitumbuwa ndi tute, tsopano yambiri imatsalira pa tilu mu Lusaka. Amayiwo sanagonje. Titaima pa Luangwa, pafupi ndi mlatho umene unatsegulidwa mu 1968, anali pomwepo ndi milu ya nsomba zouma, ena akukazinga zaziwisi pambaula. Mnzanga uja anapinda kapepala kake kamafuta, natsika, n'kubwera ndi nsomba ziwiri zotentha zowaza mchere ndi tsabola. Nthochi, anatero, tikagula pa Nyimba.