Kutupa kwa mfundo ya sacroiliac

Mfundo ya sacroiliac ndi polumikizana fupa la kumunsi kwa msana ndi fupa la chiuno. Mfundozi ndi ziwiri, ina kumanja ina kumanzere. Kutupa kwake madokotala amakutchula kuti sacroiliitis, ndipo wodwala amamva ululu m'chiuno ndi m'matako, nthawi zina kutsikira m'ntchafu. Ambiri amangoti ndi nyamakazi, koma zoyambitsa zake n'zosiyanasiyana, ndipo mankhwala a chimodzi angathe kukulitsa china.

Kuyeza

Dokotala amayamba ndi mafunso. Ululu wopitirira miyezi 3, woyamba munthu asanakwane zaka 45, woumitsa msana m'mawa koma n'kuchepa munthu akamayendayenda, umaloza ku matenda monga ankylosing spondylitis, omwe kawirikawiri amagwira mbali zonse ziwiri. Ululu wa mbali imodzi, wodza ndi kutentha thupi, thukuta la usiku kapena kuwonda, umakayikitsa tizilombo. Kenako wodwala amagona chagada, bondo lopindidwa n'kulikankhira kunja, kuti aone ngati ululuwo ukuchokeradi pamfundoyo. X-ray imachedwa kuonetsa vuto, pomwe MRI imaonetsa kutupa kusanawononge fupa.

Ku Malawi ndi ku Zambia

M'mayiko a ku Ulaya amadalira kwambiri kuyeza chibadwa cha HLA-B27 m'magazi. Chibadwachi n'chosowa mwa anthu a kuno, choncho kusachipeza sikuthandiza kwenikweni. Kafukufuku wa ku Lusaka wofalitsidwa mu 1998 anasonyeza kuti ambiri mwa odwala matenda otupitsa mfundo a gulu limeneli anali ndi HIV, n'chifukwa chake kuyezetsa HIV ndi gawo la kufufuzaku.

Chifuwa chachikulu chimathanso kulowa m'mafupa munthu osatsokomola n'komwe. Pakakhala mafinya, amawapopa ndi singano n'kuwayeza, mwachitsanzo pa makina a GeneXpert. Mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi, monga prednisolone, ndi oopsa kwa munthu amene ali ndi chifuwa chachikulu chosadziwika.

Matenda ena ndi brucellosis, otengedwa pomwa mkaka wosawiritsa kapena pogwira zotuluka m'ng'ombe ndi mbuzi zopoloza. Amakonda kwambiri mfundo imeneyi ndipo amafanana ndi chifuwa chachikulu. Chosokoneza china n'chakuti mankhwala a rifampicin amagwira ntchito pa matenda onse awiri, motero wodwala angaoneke ngati akuchira pomwe chenicheni sichinapezeke.

Kwa wodwala wa ku Mughese, m'mapiri a Misuku m'boma la Chitipa, zipangizo zili kutali: amatumizidwa kuchipatala cha boma la Chitipa, kenako ku Mzuzu Central Hospital. Makina oyamba a MRI m'dziko muno anaikidwa ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre mu 2008. Kumadera otere, mafunso okhudza ziweto, mkaka, kubereka kwaposachedwa ndi odwala chifuwa pakhomo ndiwo amayamba kulozera dokotala koyenera kufufuza.