Kudwazika

Kudwazika ndi kusamala wodwala usana ndi usiku: kumusambitsa, kumuphikira, kumutembenuza pabedi. Namwino amapereka mankhwala, koma wodwazika amakhala mbale, amene amasiya ntchito zake mayi wothyola tiyi ku Satemwa kapena ku Conforzi akagonekedwa pa chipatala cha Thyolo chifukwa chochepa magazi.

Ntchitoyi imafuna maso. Wodwazika wabwino amatsitsa chikope cha wodwala, ndipo akaona kuti mkati mwayera, zikhatho zayeranso, befu wakula, amaitana namwino osadikira mawa. Amaphika bonongwe, nyemba, usipa. Tiyi samupereka pa nthawi ya chakudya, poti amalepheretsa ayironi kulowa bwino m'thupi. Chimbudzi chikada chifukwa cha mapiritsi a ayironi, amamulimbitsa mtima wodwalayo kuti asasiye kumwa.