MALIRE A KU MIGODI NDI CONGO

Munthu wocokera ku Kitwe kapena ku Ndola akafuna kunka ku Mansa, kumene kale kunali kuchedwa Fort Rosebery, njira yace yacidule imlowetsa m'dziko la eni. Apita ku Mufulira, naturuka m'Zambia pa Mokambo, nayenda mamailosi oposa 40 m'dziko la Congo, kufikira aoloka Luapula pa Chembe. Cigawo ca Congo cimeneci, cochedwa Pedicle, caloŵerera pakati pa Zambia monga mphanda m'cipika. Kodi cinadza bwanji?

Mlandu unayambira kwa Msiri, mfumu ya ku Katanga, amene dziko lace linachuka ndi mkuwa. M'caka ca 1890 Cecil Rhodes anatuma Alfred Sharpe kukapempha pangano, koma Msiri anakana. M'caka ca 1891 anafika anthu a Leopold II, mfumu ya ku Belgium, ndipo anapha Msiri, natenga dzikolo. Akulu anati fodya wako ndiye ali pamphuno. Angerezi anatsala ndi wa pacala.

Tsono m'caka ca 1894 Angerezi ndi Leopold analemba pangano la malire. Anati malire atsate Luapula kufikira pamene mtsinjewo uturuka m'nyanja ya Bangweulu, alunjike kumwera, ndipo atsate msana wa mtunda umene ugawa madzi onka ku Congo ndi onka ku Zambezi. Pa pepala mauwo anamveka bwino, koma olembawo sanaponde dzikolo. Luapula aturukira m'madambo akulu, ndipo msana wa mtundawo m'malo ambiri ngwathyathyathya, kotero kuti munthu sangauone ndi maso. Akupima dziko anagwira nchito kuyambira 1911 kufikira 1914. Mkuwa wambiri utapezeka mbali zonse ziwiri, maboma anaopa kutaya ngakhale phazi limodzi, natumanso ena kuyambira 1927 kufikira 1933, amene anaimika zizindikiro zambiri m'thengo.

Alamba, eni ace a dziko, sanafunsidwe. Mbale anakhoma msonkho kwa Angerezi, mbale wace tsidya lija kwa Boma la Belgium. Anthu a ku Luapula odzagwira nchito m'migodi nawonso anaona zowawa, pakuti ulendo wa ku maliro kapena wokaona makolo unadalira mtendere wa dziko lacilendo. Pamene Katanga anadzipatula m'caka ca 1960 pansi pa Moise Tshombe, othawa nkhondo anadzaza ku Migodi. Ndipo mu September 1961 Dag Hammarskjöld, pakudza kudzaweruza mlanduwo, anafa ndege yace itagwa pafupi ndi Ndola.

Zambia atalandira ufulu m'caka ca 1964, sanasunthe malirewo, pakuti atsogoleri a Africa anapangana caka comweco ku Cairo kuti malire akale akhale momwemo, kuopa nkhondo zosatha. Pa Chembe anamangapo mlatho m'caka ca 2008, ndipo bwato lalikulu loolotsa magalimoto linapuma. Koma wa ku Mansa aonetsabe makalata ace pa zipata ziwiri asanaone khomo la amace.